Amithenga Makumi Awiri

Chisanu cha Juni chatsika m'phiri la Dedza,
chalowa pansi pa chitseko, chandigwira akakolo.
Mlonda, a Dzoole, akuotha mbaula pakhonde;
ine ndikuotha kampweya kotuluka kumbuyo kwa seva.
Mu ofesi ya kopaletivi ndatsala ndekha
ndi tiyi wozizira
ndi mzere wofiira wobwerezabwereza pasikirini:
mwachuluka, khomo latsekedwa.

Masana kunali chipwirikiti.
Ndalama za kachewere zinalowa cha m'ma leveni,
ndiye wa ku Bembeke, wa ku Linthipe, wa kwa Kasumbu,
aliyense chala pafoni, kufuna kuona zake.
Seva yathu ndi yaulemu wopusa:
funso lililonse inkalemba mthenga watsopano,
kumutuma ku databesi, iye n'kukayamba ndi odi.
Ndani? Ndine. Wa kwa yani? Mawu achinsinsi?
Malonje onsewo pofuna nambala imodzi!
Akayankhidwa, ntchito yamuthera,
alembedwe wina, akagogodenso.
Atakwana zana pakhomo, databesi inangoti gwa.
Mayi Nangondo anandiimbira ali pasikelo:
"Mwana iwe, matumba anga fote aja mwadya?"

Ndiye ndatsegula fayilo ya makonzedwe,
zala zili gwagwagwa.
Ndikulemba kuti pakhale amithenga okhazikika,
odziwika kale nkhope, osafunsidwanso dzina,
azikhala pamzere ngati akabaza a pa rodibuloko:
wanyamula, wakatula, wabwerera pamalo pake.

Angati? Apa m'pamene pagona nkhani.
Abwana akanati mazana awiri, amakonda zochuluka,
koma makina athuwa ali ndi mitima inayi yokha,
ukawapanikiza onse amangopondana pakhomo.
Kuthamanga si kufika.
Ndalemba makumi awiri. Ndafufuta.
Khumi ndi asanu.
Ndabwezera makumi awiri.
Kukakhala zii atsale asanu, enawo akapume.
Wosowa womutumikira adikire masekondi makumi atatu,
akadutsa amenewo auzidwe zoona, ayesenso,
kusiyana n'kumuimika ngati chitsa.
Ndipo mthenga amene wakhalitsa pabenchi
azimugwedeza kaye asanamutume: uli moyo?
Poti magetsi a kuno akangophethira
ulusi umaduka osalira,
n'kutuma maliro kukatenga yankho.

Ndayesa. Ndatumiza alimi ongopeka chikwi chimodzi.
Poyamba zinayenda myaa.
Kenako benchi inayamba kuperewera:
khumi ndi asanu ndi anayi,
khumi ndi awiri,
asanu ndi mmodzi.
Akupita, sakubwerera.
Pali amene akubwereka osabweza.

Ndasakasaka mpaka tambala woyamba wa kwa Katsekaminga.
Ndamupeza pa tsamba la malisiti,
limene analemba Sipiliano asanakwere basi ya ku Joni.
Ndazindikira kalembedwe kake,
mipata iwiri pamene ena amaika inayi,
ndi kandemanga kake pambali: ndidzakonza mawa.
Anatsegula, sanatseke.
Si chokhachi chimene anasiya chotsegula muno,
koma ndi chokhachi chotsekeka ndi mzere umodzi.
Ndamutsekera.

Tsopano onani manambala akupuma ngati chifuwa:
makumi awiri, khumi ndi anayi, makumi awiri.
Otumidwa akubwera okha, wina pambuyo pa mnzake,
kukhala pansi, osatuluka n'thukuta lomwe.

Folo koloko itangodutsa,
malole a kabichi akubuula pamsewu wa ku Lizulu,
kwalowa funso lenileni loyamba.
Wina ku Bembeke tulo tamuthawa,
ali m'bulangete, kuwala kwa foni kumaso.
Sindikumudziwa. Mwina ndi Mayi Nangondo.
Yankho lamufika asanaphethire.

A Dzoole asuzumira pawindo, chipewa mpaka m'makutu:
"Zatheka, achemwali?"
Ndati, "Onse abwerera."
Iwo acheukira kugeti, loko ali chikhalire,
apukusa mutu,
abwerera kukasonkheza makala.