Mchere Sudya ndi Mano

Bambo anandisiyira zinthu zitatu:
ngongole ya ku Uyuni, chipewa chothothoka m'mbali,
ndi pikapu yoyera iyi
imene kuyera kwake kwatsala padenga pokha.

Kuno ku Colchani timakumba mchere.
Pansi pali mbuu mpaka pamene maso atopera,
ndipo galimoto imayenda pamsana pa chinthu chimene chikuidya.
Mchere sudya ndi mano,
umangonyambita, usana ndi usiku,
mpaka shasi iyambe kuyoyoka ngati khungwa la mtengo wouma.

M'mawa wa mu Julaye madzi agwirana m'ndowa,
dizilo walemera ngati uchi.
Batire ndinagona nalo m'nyumba, kumiyendo kwanga,
nditalifunditsa bulangete la mwana wanga Wara,
koma ndikapotokola kiyi
limangoti nyee, nyee, kenaka zii.
Ndidikira kanyali ka mapulagi kazime. Ndiyesanso.
Utsi woyera tolo,
injini ikutsokomola
monga ankachitira bambo chaka chawo chomaliza.

Don Anacleto Huarachi sayamba ndi sipanala.
Amatenga sikuludiraiva yaitali,
nsonga pa injini, chigwiriro pa khutu,
n'kutsinzina, tsaya litatupa ndi masamba a koka.
"Severina, sefa ya mafuta unasintha liti?"
Ndinayang'ana nsapato zanga.
"Dizilo wa m'zigubu uja wogula pamseu,
muli fumbi, muli madzi, dizilo weniweni ndi mlendo.
Lero wapulumutsa makobiri,
mawa udzagulitsa nyumba chifukwa cha mainjekita."

Analowa kunsi chagada, atayala katoni.
Ndinkangoona mapazi ake
ndi kumva mawu akutuluka pakati pa matayala.
"Sipuling'i yakumanzere yathyoka tsamba lachiwiri.
Umakweza matumba angati?"
"Makumi awiri."
Mapazi aja sanasunthe.
"Makumi atatu," ndinatero, "ndi awiri apamwamba."
"Si lole iyi, mwana iwe. Ndi bulu.
Kuno kumwamba mpweya ndi wochepa,
iwe wemwe umapuma wefuwefu ukanyamula thumba limodzi,
nanga injini ili ndi mapapo a mtundu wanji?"

Anagwedeza tayala lakutsogolo, gwedegwede.
Anakanda paipi ya mabuleki ndi chikhadabo,
dzimbiri n'kumugwera m'ndevu.
Iyi, anati, siidikira mwezi wamawa.
Zinazo zingathe kudikira. Iyi ayi.

Kenaka anakhala chete nthawi yaitali.
"Bwera udzaone."
Ndinakwawa, msana pa simenti yozizira.
Pamwamba pa nkhope yanga, ekisozi inali yomangidwa ndi waya,
wokulunga kasanu, mfundo yopindikira mkati
kuti isabaye dzanja la wobwera pambuyo.
Ndi m'mene bambo ankamangira kukamwa kwa thumba,
ndi m'mene ankamangira lamba wa nsapato yanga ya kusukulu.
Zaka zinayi ali m'manda
waya wao akadagwirabe ntchito.

"Ndiikepo chogwirira chenicheni?"
"Ikanipo. Koma wayayo musamudule."
Anaseka, osafunsa chifukwa.

Mtengo wa zonse anaulemba ndi choko pachitseko cha galaja.
Ndinauwerenga kawiri, sunachepe.
Tinagwirizana: paipi ndi sefa lero,
sipuling'i yakale yochotsa pa galimoto ina yakufa,
kilatchi ipirire kufikira alendo odzajambula mchere atachuluka.

Tsopano Loweruka lililonse
ndimagula migolo iwiri ya madzi opanda mchere,
madzi amene sindiwataya n'komwe pa tsitsi langa,
n'kuitsuka kumimba, m'makhwapa, kuseri kwa matayala.
Ndikatha ndimaipaka oyilo wotha ntchito ndi burashi.
Wara amandigwirira tochi,
wayamba kale kudziwa sipanala ya foti ndi ya seventini
poiona chabe.

Dzulo anandifunsa ngati mchere udzaimaliza.
Ndinati eya, udzaimaliza.
Bweretsa tochiyo kuno,
pali bawuti ina yomwe sindikuiona.