Makobiri Makumi Anayi

Lachiwiri lililonse ndikatseka sitolo ya a Galbraith
ndimakwera basi manja akununkhabe ndalama zachitsulo,
ulendo wa kumtunda, kuyunivesite,
kumene miyala yakuda yamwa mvula ya Glasgow
zaka mazanamazana osakhuta.
Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri.
Anzanga a m'kalasi ndi msinkhu wa mwana wanga wotsiriza.

Mayi Ishbel Rennie amayanika chipewa chonyowa
pa chitsulo chotenthetsa chipinda, n'kutifunsa:
akuluakulu aja a mawigi oyera,
amene ankatsutsana m'nyumba zomwera mowa za mzinda uno
mpaka kandulo kutha,
ankafuna kudziwa chiyani?

Ankafuna kudziwa chimene chimamanga anthu pamodzi
wapolisi akakhala kutali, mbusa atagona.
Wina ankati ndi chifundo,
kuti mtima umabwereka ululu wa mnzako
monga timabwerekera mchere khomo loyandikana nalo.
Wina ankati malonda amasula munthu,
wogula ndi wogulitsa amaphunzitsana ulemu osadziwa.
Wina ankakayika zonse, ndi kutuluka kwa dzuwa komwe,
koma madzulo ankadya bwino, n'kumaseka ndi anzake.

Ndinakweza dzanja mochedwa.
Ndinati: nanga fodya?
Misewu imene basi yanga imadutsa ili ndi maina a amalonda
amene zombo zawo zinkabwera zitadzaza masamba
othyoledwa ndi akapolo kutsidya la nyanja.
Chifundo chija sichinkadziwa kusambira?

Mayi Rennie anakhala chete, chipewa chikufuka nthunzi.
Anati ena a iwo anadzudzula ndithu,
ena cholembera chinkawalemera akafika pamenepo.
Lembani zimenezo, Mayi Docherty. Mawu zikwi ziwiri.

Lachinayi m'mawa a Murdo Kerr anabwera
ndi buledi, mkaka, ndi kachitini ka chakudya cha mphaka.
Anawerenga pakauntala, anawerenganso,
zala zikunjenjemera ngati kunja.
Zinaperewera makobiri makumi anayi.
Mzere wonse unati zii.
Nkhope yanga inatentha, chonsecho wosauka sindinali ine,
manyazi awo anali atasamukira m'masaya mwanga.
Anayamba kukankhira buledi pambali, mphaka adye.

Mtsikana wa jekete lachikasu kumbuyo kwawo
anaponya ndalama ziwiri, ngwee ngwee,
maso ali pafoni.
Sanawayang'ane. A Kerr sanathokoze.
Atafika pa ine anangoti: basi yanga ikundisiya.

Usiku uno ndakhala patebulo la kukhitchini,
mabuku atatu a kulaibulale atatsegula pakamwa,
tiyi wazizira.
Kodi mtsikana uja unali mtima kapena inali basi?
Akuluakulu anga akukangana pamapepala,
aliyense akuti mtsikanayo ndi mboni yake.
Mwina ananama kuti mkuluyo asawerame.
Mwina ankathamangiradi.
Buledi anafika kunyumba, ndicho ndikudziwa.

Koma a Kerr tinkawaona, tinkamva mpweya wawo.
Aja a m'minda ya fodya panalibe anaima nawo pamzere,
anafika kuno ali manambala m'kaundula,
inki yabwino, dzanja lokongola.

Ndalemba mawu mazana atatu.
Mvula ikugogoda pazenera.
Mawa sitolo imatsegulidwa sikisi koloko,
ndipo chenji sindinaikonze.