Basi Imabwera Lachiwiri

Kuno basi imabwera Lachiwiri.
Ikapanda kubwera palibe amene amadandaula,
amangoti mphepo yaiuza kuti iyambe yadikira.

Ndinafika ndi masutukesi awiri
ndi makiyi asanu pa kachingwe,
a zitseko za ku Rosario zimene sindidzatsegulanso.
Sabata yoyamba ndinkakhoma kawiri,
n'kubwereranso kukagwedeza chitseko.
Ermelinda wa tsidya la msewu anandipenya pa zenera
mpaka ndinamutopetsa:
"Ukukhomera yani, mwanawe?
Mbala ya kuno ndi mphepo,
ndipo iyo imalowera pansi."

Pano ndaphunzira.
Malaya amodzi, zopanira zitatu,
apo ayi ukawapeza pa waya wa Aníbal
akuopseza nkhosa.
Chitseko cha galimoto umachigwira ndi manja awiri.
Mitengo yochepa ya kuno yonse inapendekera kum'mawa
ngati ikumvetsera miseche,
ndipo mwezi wachitatu, pochokera ku golosale,
ndinaona chithunzithunzi changa pa khoma la sukulu
nacho chitapendekera komweko.

Buledi amatha naini isanakwane.
Tomato amabwera pa basi,
wotopa ngati apaulendo anzake,
ndipo timagula osasankha.
Pa kauntala Nicanor ali ndi kope lakuda
lokhala ndi mayina a tauni yonse.
Tsiku limene analemba langa osandifunsa,
pansi pake n'kuika shuga, machesi, makandulo awiri,
ndinatuluka ndili ndi ngongole
ndi kena kake kotentha pakhosi.

Netiweki imagwira pa kaphiri ka kuseri kwa manda.
Madzulo timakumana kumeneko, mafoni m'mwamba,
ngati tikuonetsa kumwamba ziphaso zathu.
Ndimamva zonse:
mwana wa uje walephera mayeso ku Comodoro,
mlamu wa uje akufuna ndalama ya mano.
Iwonso zanga amamva.
Amayi akafunsa, "Nanga ukubwerako liti?"
kaphiri konse kamangoti zii,
makutu tcheru, maso ku nkhosa.

Ku mzinda mate ndinkamwa choimirira,
diso pa wotchi, nsapato imodzi kuphazi.
Kuno chikho chimodzi chimadya masana onse,
chikuzungulira anthu anayi
ndi nkhani ziwiri zokha:
galu wa Aníbal amene anapha nkhuku za abusa,
ndi mlatho umene analonjeza ine ndisanabadwe.
Ndinayamba n'kuyasamula.
Lero ndili ndi maganizo anga pa nkhani ya galuyo,
ndipo sindisintha.

Mu Julayi chipale chinatseka msewu masiku khumi ndi limodzi.
Magetsi anapita. Tinadya mbatatesi,
kenaka mbatatesi, kenaka msuzi wake.
M'mawa wina thupi linakana kudzuka,
chitofu ndinachisiya chozizira.
Ndinangomva chitseko kuti kwee,
Ermelinda uyo, nkhuni m'manja, chipale m'tsitsi,
osagogoda, osapereka moni.
"Utsi wako sindinauone."
Anakoleza moto, anatukwana machesi anga,
anatsuka kapu imodzi n'kupita.

Makiyi aja ali pa khonde tsopano,
ndinawamangirira ku nsonga ya katani
kuti asamauluke.
Ntchito yake akuigwira bwino.

Sindinene kuti ndazolowera.
Usiku wina ndimasowa phokoso la mabasi,
fungo la phula mvula ikangogwa,
kuyenda msewu wonse popanda wondidziwa.
Ndimasowa kulira osamveka kwa aneba.

Koma m'mawa, ketulo isanawire,
ndimapukuta zenera ndi mkono wa juzi
n'kuwerenga machumuni.
Ya Nicanor. Ya Aníbal, yakuda, amawotcha zonyowa.
Ya aphunzitsi, yochedwa nthawi zonse.
Ya Ermelinda lero ili duu.

Seveni yadutsa ndi mphindi khumi.
Ndimupatsa zisanu zina,
poti dzulo anati bondo likumuvuta.
Nsapato ndavala kale.
Machesi ndagula ena.