Nkhuku Yopanda Moto

Zaka makumi atatu ndi mphambu zisanu
mwamuna wanga Narasayya wakhala akuyeza tsabola pamsika wa Guntur,
masaka ofiira psuu mpaka kudenga,
iye pakati pake, osayetsemula n'komwe.
Malaya ake ndinkachapa misozi ili chuchuchu,
osati chisoni ayi, fumbi lake.

Mwezi watha dokotala Mastan adamulembera kapepala.
Zilonda ziwiri m'mimba, akutero,
china kukula ngati chikhadabo cha chala chachikulu.
Tsabola ayi. Bwemba ayi. Zokazinga ayi.
Kapepalako ndidakamata pamwamba pa chitofu,
pamsomali pomwe pankalendewera nkhata ya tsabola wouma.

Tsono madzulo ndimagula nganga ya nkhuku kwa Yakub,
kuisenda khungu, mafuta kuponyera mphaka wa eni ake,
kuiduladula timagawo tolowa mkamwa kamodzi.
Ndimaiviika m'chambiko chosasasa kwambiri,
chikasu kunsonga kwa supuni,
mchere wotsina ndi zala zitatu,
kachidutswa ka jinja kotswanya pamwala.
Igone m'menemo ola lathunthu.
Nane ndikhaleko pansi, mawondo awa si a mtsikana.

Mafuta supuni imodzi basi.
Njere za jira zikangoti thethethe
ndithiremo anyezi, afewe koma asade,
kenako nkhuku, madzi theka la kapu, chivindikiro,
moto wonong'ona.
Pambali mpunga ubwate mpaka uiwale kuti udali njere.

Apa m'pomwe dzanja langa limandipandukira.
Limapita lokha pa shelefu, pa botolo lofiira lija,
ngati ng'ombe yodziwa njira ya kwawo,
ndipo ndimalimenya ndi linzake.
Paja apongozi anga, malemu, adandilangiza ndili mtengwa:
mwamuna akadya osatuluka thukuta, sunaphike.

Tsiku loyamba adayang'ana m'mbale,
msuzi wotuwa, wodekha ngati munthu wobwera kudzapepesa,
nandifunsa, "Kanakamma, kodi wamwalira ndani?"
Adadya mwakachetechete,
monga amamwera mapilitsi.
Sindidayankhe. Ndidakatsuka poto yemwe adali wotsuka kale.

Koma usiku umenewo sindidamve mapazi pakhonde.
Sindidamve supuni ikuliza tambula ya soda,
kapena kubuula kuja kobisira mu pilo.
Adagona chagada, kukamwa kuli yasa,
mkonono wake ukupikisana ndi fani,
ine maso gwa, kumvetsera,
osakhulupirira bata.

Tsiku lachisanu ndi chinayi adaimitsa dzanja m'malere.
"Muli kanthu umu. Kakununkhira ngati dothi mvula ikayamba."
Ndi jira, ndidatero.
"Wayamba liti kuthira?"
Chaka chomwe udanditenga kwa bambo anga ku Tenali.
Adalimo masiku onse, Narasayya,
kungoti tsabola ankalankhula mokuwa.

Sikuti wasintha mtima. Ndinganame.
Amabwerabe ndi tsabola mmodzi wouma m'thumba la malaya,
wosankha yekha, wonyezimira, wopanda banga,
n'kumuika pambali pa mbale ngati mlendo wolemekezeka.
Amamununkhiza. Amamugwedeza pafupi ndi khutu, njere ziti tsekeretsekere.
Kenako amaumba mpunga ndi msuzi wotuwa uja,
n'kumeza akuyang'ana chofiiracho.

Lachitatu ndimasinthako, ndimathira sipinachi.
Loweruka nkhuku ndi mpunga ziphikire mphika umodzi,
timasamba ta dhaniya pamwamba kuti maso nawo adye.
Sikelo ya kuchipatala yati wabweza makilo awiri.

Ine ndimadya naye zomwezo, mbale kuyang'anizana.
Koma akapita kukasamba m'manja
ndimathamangira kuseri kwa chitseko,
chala m'botolo la achali wa mango, kamodzi, kawiri,
lilime lipse, ndikumbuke dzina langa.
Ndikatuluka amandiyang'ana mphuno, ikuchucha,
sanena kanthu,
amangondipatsa mpango wake.