Mayina Asanu pa Foni Yanga

Akuti tisachonge mmodzi ngati posankha phungu.
Tiwandandalike onse asanu,
woyamba mpaka wotsiriza,
anthu okakhala m'komiti yoyang'anira intaneti.
Kalata idafika Lachitatu. Lero ndi Lolemba.
Atseka pakati pa usiku.

Ndili pakhonde la shopu yanga pa Bangula.
M'katimo mafoni a eni ake khumi ndi awiri akuyamwa moto,
malata akuthetheka ndi dzuwa la Okutobala,
ndipo thukuta la chala changa likusuntha mayina pagalasi
ine ndisanaganize n'komwe.

Uyu wavala tayi.
Madigiri ake atalika ngati njanji ya ku Chiromo,
ndipo ngati njanjiyo, adukira panjira osafika kuno.

Awa ndi mayi a ku kampani ya mafoni.
Akumwetulira mwaulemu
ngati uthenga uja wakuti bandulo yanu yatha.

Uyu sadalembe kanthu.
Dzina ndi nkhope basi, chiphaso chotola pamsewu.

Loya, Mayi Nyangazi, alemba masamba anayi
onena za chinsinsi cha munthu.
Ndawerenga onse, batire likutsika.
Ndakumbukira Dominga, mwana wa mlongo wanga,
chithunzi chake chitayenda mafoni onse a pamsika
mpaka adasiya sukulu ali Fomu 3.
Tidazungulira sabata yathunthu
osapeza khomo loti tigogode.

Ndiye pali mnyamata, Alumando Tchale,
akuti adakulira ku Ngabu.
Chingerezi chake chikutsimphina,
koma wafunsa funso limodzi:
nsanja za ku Nsanje zikagwa ndi madzi,
amazidzutsa ndani, pakatha masiku angati?

Yankho ndili nalo. Asanu ndi anayi.
Masiku asanu ndi anayi foni inali mwala m'thumba,
Zuze mchimwene wanga ali tsidya ku Makhanga,
wamoyo kapena ayi, Shire osanena.
Ndinkakwera pachulu, mkono m'mwamba,
kupempha netiweki ya ku Mozambiki
ngati wopempha mchere kwa mnansi.

Komatu kukhala wakwathu si nzeru.
Tidasankhapo akwathu ena,
lero amatidutsa magalasi atakweza.

Bambo anga ankasankha thonje pamkeka,
loyera uku, lothimbirira uko,
koma thonje umaligwira, umalimva njere zake.
Awa ndi zithunzi zazing'ono ngati chikhadabo.

Malamulo akuti woyamba wako akagwa,
voti yako simira nayo,
imasamukira kwa wachiwiri.
Izi ndazimva msanga.
Pa Mtayamoyo bwato likadzaza
sutaya katundu m'madzi, umakwera lotsatira.
Ndiye lachiwirilo lisakhale lobooka.

Mayi Fatchi abwera kudzatenga foni yawo.
"Mukuwerenganji mpaka kuluma mlomo?"
Ndikusankha mabwana a intaneti, mayi.
"Ili ndi mabwana?
Kawauzeni bandulo ya sabata ikumatha Lachiwiri."
Andipatsa ndalama yonyowa, nati takhuta, napita.

Dzuwa lalowa, kutentha kwatsala.
Udzudzu wa kudambo wayamba ntchito yake.
Ndaika loya pamwamba, Alumando pansi pake.
Ndasintha.
Ndasinthanso.
Dominga ndi Zuze akukangana m'chala changa
ndipo onse ndi magazi anga.

Zuze adabwera yekha tsiku lakhumi, matope mpaka m'chiuno.
Dominga sadabwererebe kusukulu.
Loya akhale woyamba.

Watayi wachitatu, mwina pamsonkhano amamveka.
Mayi a bandulo achinayi.
Wosalankhula uja ndamusiya kumchira,
akapitirize kukhala chete kumeneko.

Ndadina.
Kagudumu kakuzungulira, kakuzungulira.
Ndatuluka, ndadutsa mbuzi zogona pamsewu,
ndakwera pachulu chomwe chija,
mkono m'mwamba, mayina asanu kumwamba kwa mutu wanga.

Patapita nthawi foni yanjenjemera.
Yandithokoza m'Chingerezi.