Mphindi Zitatu za Ishbel Rennie

Ine ndinkasunga mawigi ake m'kabati ya kuseri kwa situdiyo,
asanu ndi anayi, iliyonse ndi dzina lake.
Ankati mitu yake yeniyeni ili ndi ine,
wapakhosiwo ndi wobwereka chabe.

Anabadwira ku Govan, pamwamba pa sitolo ya nsomba,
mtsinje wa Clyde ukununkha dzimbiri la sitima.
Bambo ake ankawotcherera zitsulo, munthu wouma pakamwa,
ndiye mwana anaphunzira kuba mayendedwe a anthu,
kutsimphina kwa wansembe, chifuwa cha mwini nyumba,
kuti aoneko mano a bambo ake Loweruka madzulo.

Zaka zisanu ndi chimodzi ankatumiza zolemba ku kanema,
zinkabwerera zili ndi chidindo cha kapu ya tiyi.
Kenako wosewera wina anaterereka pa madzi oundana,
mwendo thyo, ndipo foni inalira.

Lolemba ankalemba. Lachitatu mabwana ankang'amba.
Lachisanu nyali yofiira inkayaka,
n'kumupatsa mphindi zitatu zokha
zoti akhale Mayi Pettigrew a ku ofesi ya katundu wotayika,
amene ankafunsa wosaka ambulera, wosaka mano oikirira,
ngakhale wosaka mwamuna wothawa:
"Mwatsimikiza kuti chinali chanu?"
Glasgow yense ankagwa nalo phwete,
madalaivala a basi, manesi, ana a sukulu.

Sankaona zimene ndinkaona ine:
mawu amodzi akusinthidwa kakhumi ndi kawiri usiku,
milomo ikuwerenga chamumtima, imodzi, ziwiri, zitatu,
poti nthabwala ikafulumira imapsa, ikachedwa imazizira.
Asanalowe ankasanza m'ndowa. Ndowayo ndinkatsuka ndine.

Pulogalamu inatha mwa kalata ya mizere inayi.
Anatsatsako sopo wochapira mbale, anaphunzitsako achinyamata
m'holo yozizira ya tchalitchi.
Tsiku loika Lachlan, mwamuna wake, mvula ikuwaza,
munthu wina kumbuyo analephera kudzigwira,
ananong'ona: "Mwatsimikiza kuti anali wanu?"
Tonse tinauma.
Ishbel anatembenuka, maso ali psu,
nati, "Wafulumira, mwanawe. Ukanadikira bokosi litsike."

Tsopano ali ku nyumba ya okalamba ku Paisley.
Mayina amuthawa, langa lomwe,
amatcha supuni kiyi, amafunsa ngati bambo ake aweruka.
Lamlungu lapitali ndinamutengera wigi ya Mayi Pettigrew,
yotuwa ija, yonunkhabe utsi wa ndudu.
Anaitembenuza m'manja nthawi yaitali,
n'kundiyang'ana ngati mlendo wosokera chipinda.
"Mwatsimikiza kuti ndi yanga?"

Sindinadziwe ngati ndi matenda akuyankhula.
Ndinangoti chilili, chikhotho chikudontha madzi pansi.
Koma ndinaona milomo ikugwedera pang'ono,
imodzi, ziwiri,
ndipo pa zitatu diso lakumanzere linatsinzina.