Dzina la Mwana wa Kalaliki

Ine ntchito yanga ndi kuitana mayina.
Zaka khumi ndi chimodzi pa sikelo ya tiyi:
dengu likwere, singano igwedere, ndilembe makilo,
ndikuwe wotsatira.
M'kaundula wanga muli a Chisomo asanu ndi awiri.
Ndikati "Chisomo!" mitu itatu imadzuka m'mizere,
wina amayankhira kuseri kwa bulugamu.

Muli a Nditani, imvi mbuu,
amayi awo anafunsa funso pa sabata ya maliro
ndipo iwo akulisenzabe pamodzi ndi dengu.
Muli Mavuto amene sanalakwirepo munthu.
Muli Sitima, sanaikwerepo.
Muli mnyamata wa ku Thekerani
amene dzina lake analitola pa thumba la feteleza,
amalitchula motsitsa mawu ngati akupepesa.

Ndiye mchombo utagwa Lachiwiri,
kamwana kakadali kopanda poitanira,
ndinkadziwa bwino zimene sindifuna.
Zimene ndifuna ndiye zii.

Alamu anga a Wayisoni anabwera ndi mkoko wa nthochi
ndi dzina la wosewera mpira wa kutsidya kwa nyanja.
Ndinati alitchule kawiri.
Linatuluka mitundu iwiri.
Azakhali anafuna la malemu agogo, kuti libwerere pakhomo,
koma ngongole za kachasu za agogowo
anthu a pa Makwasa sanaziiwale.
Mlaliki anatsegula buku, chala n'kugwera pa dzina
lalitali ndi lokhotakhota ngati msewu wa ku Masambanjati.
Mnansi wathu anasuzumira nkhungu panja, anati Chiperoni.
Tinaseka tonse, mwana n'kuyetsemula.

Ine dzina ndimaliyesa monga ndiyesera masamba.
Kodi mphunzitsi wa sitandade wani akadzaliwerenga
kalasi idzaphulika ndi phwete?
Lidzamukhala akadzamera ndevu,
akadzagwada kwa eni mbumba kukafunsira mbeta,
akadzawerama msana, tiana tikuti agogo auje?
Dzina ndi malaya osavula.
Pafunika kusiya mpendero woti adzamasule akamakula.

Usiku wachisanu ndi chitatu, Felesiya akuyamwitsa,
anati, "Mukukumbuka pa mlatho paja?"

Ndikukumbuka.
Njinga yamoto ikutsetsereka m'matope ofiira,
nyali ikuthimathima, mvula ya mawawa kumaso,
iye pakati, ine kumbuyo
ndikukalipira mnyamata wa kabaza,
ndikukalipira msewu, boma, mitambo,
chipatala cha Malamulo chikadali kutali.
Iye, amene msana unali kung'ambika,
anandigwira bondo, n'kunena liwu limodzi.
Ndinatseka pakamwa.
Mnyamata uja anachepetsa moto.
Tinafika tonse atatu, m'bandakucha tinali anayi.

Dekhani.

Ndinafufuza m'makaundula akale,
ngakhale aja anadyedwa ndi chiswe m'mbali:
mulibe.
Komabe si mlendo m'kamwa,
nkhalamba yopanda mano ilitchula osapunthwa.
Silitukwana mnansi, silikumba manda,
sililonjeza galimoto.

Ndipo taganizani.
Tsiku limene adzathawe sukulu kukasambira ku Nsuwadzi,
kapena kugulitsa nkhuku yanga kuti akaonere kanema,
ndidzatuluka, kamtengo m'manja, mtima uli m'mwamba,
ndidzatsegula pakamwa kuti ndimuitane
ndipo pakamwa panga pomwe padzandilangiza.
Wokangana naye pamsika adzayambira pomwepo.
Ngakhale mkazi wake.

M'mawa uno tinapita kukalembetsa.
Namwino, cholembera m'manja, anafunsa dzina.
Ndinamuuza.
Anadzutsa mutu, anati, "Ndadekha kale, bambo.
Ndikufunsa dzina la mwana."
Ndinabwereza. Anaseka mpaka anagwira tebulo,
kenako analemba bwinobwino, osafunsa kalembedwe.

Anamukoloweka pa sikelo yawo ya kabudula,
timiyendo tili lendelende.
Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezi
wolemba makilo anali wina, ine ndili chilili.
Atatu ndi theka.
Singano inagwedera, inagwedera,
kenako inamva.